Kukhoma sjoelbak ya gulu lathu la Chidatchi ku Rotterdam

Anzanga angapo a kumudzi omwe ali kuno ku Netherlands ndi ku Belgium akhala akundifunsa momwe tinakhomera bolodi la masewera a sjoelen, ndiponso ngati nawo angathe kukhoma lawo. Kutheka n'kotheka, koma muyambe mwawerenga zomwe zinatichitikira musanapite kukagula matabwa.

Kwa amene simunawaonepo masewerawa, sjoelbak ndi bolodi lotalika mamita 2, m'lifupi mwake pafupifupi masentimita 40. Chakumapeto kwake kuli mtanda wa zipata zinayi, zolembedwa 2, 3, 4 ndi 1 kuyambira kumanzere. Wosewera amapatsidwa timawilo ta mtengo 30 n'kumatikankha kamodzikamodzi kuti titsetsereke mpaka kukalowa m'zipatazo. Tomwe takanika kulowa amamubwezera kuti ayesenso, mpaka maulendo atatu. Chipata chilichonse chikalandira kawilo kamodzi, zinayizo pamodzi ndi mapointi 20, ndipo timawilo totsala timawerengedwa malinga ndi nambala ya chipata chake. N'chifukwa chake odziwa sathamangira chipata cha 4 chokha, amagawa mofanana. Timawilo 7 m'chipata chilichonse, tiwiri totsalato pa 4, ndi mapointi 148.

12 Sepitembala: chomwe chinabala ntchitoyi

Gulu lathu limakumana Lachinayi madzulo m'nyumba yochitiramo zinthu anthu a m'dera, imene kuno amati buurthuis. Msonkhano wake amautcha taalcafé. Pamakhala khofi, ndipo lamulo ndi limodzi: kulankhula Chidatchi basi. Ophunzira ndife ochokera ku Syria, Eritrea, Poland, ndi ine wa ku Malawi. Otithandiza ndiwo osakanikirana kwambiri. Mayi woyendetsa gulu ndi wobadwira mu Rotterdam mommuno. Pali agogo aakazi a ku Paramaribo ku Suriname, omwe tonse timawatchula kuti tante, kutanthauza azakhali. Pali mayi wa ku Gent ku Belgium wogwira ntchito kudoko, bambo wa ku Curaçao, ndi abambo achikulire a ku Wellington ku South Africa olankhula Chiafrikaans, omwe timati oom, kutanthauza amalume. Palinso agogo ena obadwira pachilumba cha Java, amene anabwera ali mwana m'zaka za m'ma 1950, m'gulu la anthu pafupifupi 300,000 omwe anasamukira kuno nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha ndi Indonesia itadziimira payokha.

Chomwe chinatitopetsa ndi makadi a mafunso. Ukatola khadi lofunsa zomwe unachita Loweruka, umayankha mawu atatu n'kukhala duu, kenako akuluakulu aja amalanda nkhani n'kumacheza okhaokha. Tante ndi amene anadula mlandu. "Ana inu, tayani makadiwa tipeze sjoelbak. Kwathu tinkaitulutsa kumapeto kwa chaka, ndipo panalibe mwana wokhala chete." Mayi wa ku Gent anati kwawonso imapezeka pa zisangalalo za kusukulu, pamodzi ndi masewera ena akale.

A buurthuis analola kutipatsa ndalama zosapitirira €200 ndi kiyi wa chipinda chawo cha zipangizo Loweruka lililonse. Tinapita kukaona bolodi lakale lomwe wina ankagulitsa €35, koma titaikapo levulo tinaona kuti pakati ndi potukuka, kawilo kalikonse kankathawira kumbali. Poti ine ndinagwirako tchizulo ndi puleni kwa amalume anga kalipentala ku Nkhoma, ntchito inagwera ine.

21 Sepitembala: kugula zipangizo

Pansi pa bolodi tinasankha plywood ya mtengo wa berk, yochindikala mamilimita 12. Amagulitsa yathunthu, masentimita 244 ndi 122, ndipo inatidya €58. Tinawapempha kuti atidulire komweko kusitolo, chifukwa kudula mzere wowongoka wa mamita 2 ndi sowo yamanja ndi kudzitayira nthawi. Yotsalayo ikukwana bolodi lina.

Timatabwa ta m'mbali ndi mtanda wa zipata tinagula ta beuk, €41. Ndi mtengo wolimba, ndipo mabolodi ambiri abwino amapangidwa ndi womwewu. Paini ndi wotchipa, koma timawilo timamenya mtanda uja mwamphamvu kambirimbiri, ndiye mtengo wofewa sungachedwe kutekedzeka.

Timawilo musadzivute kusema nokha. Tinagula 30 pa €24. Kalikonse ndi mamilimita 52 m'mimba mwake ndi 13 kuchindikala, ndipo mukakayang'anitsitsa muona kuti nkhope zake zonse ziwiri ndi zolowa m'kati pang'ono, moti chokhudza bolodi ndi mkombero wokha. Popanda makina osemera simungafanizire zimenezi. Guluu ndi masikuluu €12.

Bambo wa ku Curaçao ananyamula zonsezi pa bakfiets yawo, njinga ya bokosi kutsogolo ija yomwe kuno amanyamulira ana. Mvula inatipeza m'njira, monga mwa nthawi zonse mu Rotterdam, ndipo ngodya imodzi ya plywood inanyowa ngakhale tinafunditsa pulasitiki. Tinaisiya iume, mbali yonyowayo tinaiika kumbuyo kwa zipata komwe kawilo sikafunikanso kuthamanga.

28 Sepitembala: 54 anasanduka 45

Titamasula mtolo wa matabwa tinapeza kuti onse ndi a mamilimita 45, pomwe pulani yathu inkafuna 54. Palibe amene anaba kapena kunamiza mnzake. M'Chidatchi nambala amaiwerenga chobwerera: 54 amati vierenvijftig, kuyamba ndi 4 kenako 50. Mayi wa ku Gent ankawerenga miyezo mokweza, mnyamata wa ku Eritrea akulemba, ndiye iye analemba momwe khutu linamvera, 4 patsogolo 5 pambuyo.

Tinaseka, koma panatuluka phunziro lomwe makadi aja sanatipatsepo. Mnzathu wa ku Syria anati iye zimenezi sizimuvuta chifukwa Chiarabu chimateronso. Oom anati Chiafrikaans n'chimodzimodzi. Ovutika ndife amene tinazolowera kuwerenga m'Chingelezi, ndipo Amalawife tisanamizane, ndi angati amene timatchula mtengo wa shuga m'Chichewa? Kuyambira tsiku limeneli tinagwirizana kuti wolemba muyezo aziubwereza mokweza, kenako aloze pa tepi ndi chala.

Matabwa a m'mbali tinawasiya, 45 ikukwanira. Mtanda wa zipata wokha ndi umene tinagula wina, €13, chifukwa titayesa waufupiwo timawilo tina tinkakwera pa tinzake n'kuudumpha.

5 Okutobala: kusema zipata

Apa ndi pamene pali ntchito yeniyeni. Chipata chilichonse ndi mamilimita 60 m'lifupi, kutanthauza kuti kawilo ka 52 kali ndi mpata wa mamilimita 4 okha mbali iliyonse. Mukakulitsa, masewera sakomanso chifukwa aliyense azingolowetsa. Mukachepetsa, anthu agwa ulesi.

Tinajambula zipata kunsi kwa mtanda, tinachekacheka ndi sowo mizere yoyandikana mpaka pamzere wa msinkhu, kenako tinagoba ndi tchizulo n'kusalaza ndi tupa. Beuk amang'aluka mukagoba kuchokera mbali imodzi mpaka kutulukira kwina, ndiye yambirani mbali zonse ziwiri mukakumane pakati. Msinkhu tinayamba ndi mamilimita 14. Tinayesa timawilo tonse 30 m'chipata chilichonse, ndipo tina tinkakhula kumwamba chifukwa ngakhale togula sitifanana ndendende. Tinawonjezera milimita imodzi.

Kuseri kwa mtanda tinaika timatabwa titatu togawa zipinda zinayi. Ngodya za zipata musazisalaze mpaka kukhala zozungulira, zimenezi zimakokera kawilo m'kati ndipo ndi chinyengo. Anatichenjeza ndi agogo a ku Java, omwe anakhala pampando tsiku lonse ndi thumba lawo pamiyendo, osagwira chida, koma diso lili pa tupa.

Mtanda tinaumanga ndi masikuluu okha, opanda guluu, kuti tsiku lina ukadzaperepeseka tidzathe kuuchotsa. Matabwa a m'mbali ndiwo tinamata ndi kumanga. Boolani kaye musanalowetse sikuluu mu beuk, apo ayi mutu wake uduka.

12 Okutobala: vanishi amene anatipweteka

Kusitolo tinanena kuti tikufuna vanishi wolimba, wosakandika. Wogulitsa anatipatsa wopaka pa masitepe a m'nyumba, €17. Tinapaka bwinobwino, bolodi linawala, aliyense anajambula chithunzi. Litauma tinakankha kawilo koyamba, ndipo kanaima pakati pa bolodi ngati wina wakagwira. Mayi wa ku Gent anatenga chitini n'kuwerenga timalemba tating'ono: vanishi wa masitepe ameneyu anamupanga dala kuti munthu asaterereke. Ife tinkafuna zosiyana ndi zimenezo.

Panalibe njira yachidule. Tinagula sandipepala ya €8, kuyambira yokhakhala ya 120 mpaka yosalala ya 320. Samalani, khungu lapamwamba la plywood ndi lopyapyala kwambiri, makina opalira akangokhalitsa malo amodzi amaliboola. Ife tinapala ndi manja, sandipepala itakulungidwa pa kathabwa, kutsata mizere ya mtengo.

19 Okutobala: kupala, ndi nkhani ya Mvera

Kupala kunatenga Loweruka lonse, ndipo ambiri anapeza zifukwa. Tinatsala ine ndi oom. Atamva kuti kwathu ndi ku Nkhoma anaika sandipepala pansi. Tauni yawo ya Wellington ndi komwe Andrew Murray anatumikira monga mbusa zaka zambiri, ndipo mpingo wake wa Dutch Reformed wa ku Cape ndi umene unatumiza A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amene anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889. Nkhoma inatsatira mu 1896. W.H. Murray, wa banja lomwelo, ndiye anatsogolera ntchito yomasulira Buku Lopatulika lomwe agogo anga ankawerenga.

"Ndiye iwe ndi mwana wa mpingo wathu," anatero oom.

"Kapena inuyo ndinu a mpingo wathu, bambo," ndinayankha, ndipo anaseka mpaka kutsokomola fumbi la vanishi.

Ambiri kwathu timangoti amishoni a Chidatchi, koma anthu amenewa sanachokere ku Netherlands. Anali a ku Cape, komwe Adatchi anafika mu 1652 ndi Jan van Riebeeck, ndipo chilankhulo cha kumeneko chinayenda njira yakeyake mpaka Chiafrikaans chinavomerezedwa ndi boma mu 1925. Oom akalankhula pang'onopang'ono, a ku Rotterdam amamva pafupifupi zonse. Chomwe iwo chimawanyansa ndi Mdatchi akawauza kuti chilankhulo chawo chimamveka ngati cha mwana. Pamenepo nkhope imasintha, ndipo ine ndimawamvetsa.

Titamaliza kupala tinapaka phula la matabwa, €9, mopyapyala, n'kupukuta ndi nsanza ya thonje mpaka mkono kuwawa. Kawilo kanathamanga kukamenya kumapeto.

26 Okutobala: bolodi lapindika

Kuzizira kutayamba anayatsa zotenthetsera nyumba, ndipo wina posesa anatsamiritsa bolodi lathu pa radiator sabata yathunthu. Tinalipeza litapindika, pakati polowa, timawilo tonse tikusonkhana ku zipata za 3 ndi 4. Choyambitsa china n'chakuti pamwamba panali phula koma kunsi kunalibe kanthu, ndiye mbali ziwirizi sizinkauma mofanana.

Tinaligoneka chafufumimba patebulo m'chipinda chozizira, tinasanjikapo mabokosi a mabuku, kenako tinamanga timitanda tinayi kunsi kwake, €7. Kunsiko tinapakako vanishi wa masitepe uja, mwina kuti €17 yathu isapite pachabe. Linabwerera, ngakhale kuti kumanzere kwatsala kakhonde kakang'ono komwe osewera pafupipafupi akadziwa kale ndipo amakagwiritsa ntchito.

7 Novembala: malamulo ndi dzina la mwambo

Ndinkaganiza kuti zovuta zatha ndi matabwa. Ayi ndithu, pepala limodzi la malamulo linatidyera madzulo onse.

Mayi woyendetsa gulu analemba ndi je, mawu omwe ali ngati iwe wa kwathu, ati ndi osavuta kwa ophunzira. Tante anakana kwamtuwagalu. M'mabanja ambiri a ku Suriname mwana sanena je kwa wamkulu, amati u, ndipo iwo sangaime kutsogolo kwa pepala lowatchula iwe. Ine ndinali mbali yawo mumtima, chifukwa mpaka lero lilime limandilemera mphunzitsi wa imvi akandiuza kuti ndizimutchula je. Mayi wa ku Gent anati kwawo m'nyumba amati ge kapena gij, zomwe kwa a ku Rotterdam zimamveka ngati za m'Baibulo lakale. Tinathetsa mkangano polemba malamulo ngati zolamula: tenga, kankha, werenga, popanda kutchula munthu.

Pa kalembedwe ka mawu panalibe ndewu, ndipo chifukwa chake n'chosangalatsa. Mu 1980 Netherlands ndi Belgium anasainirana pangano lokhazikitsa bungwe la Taalunie, ndipo Suriname inalowamo mu 2004. Mayikowa amatsata mndandanda umodzi wa kalembedwe, ndiye tikakayika tinkangoyang'ana pa foni. Kusiyana kuli pakamwa. G wa mu Rotterdam amakanda kukhosi, wa ku Belgium ndi kumwera kwa Netherlands ndi wofewa, pomwe tante amatchula w ndi milomo yonse iwiri ngati momwe timachitira ife. Kwa Mmalawi woyamba kumene, Chidatchi cha ku Suriname ndi chomwe chimalowa msanga m'khutu. Awa ndi maganizo anga, ena angatsutse.

Dzina la mwambo ndilo linautsa mapiri pachigwa. Pa chikalata choitanira anthu panalembedwa kuti madzulo a masewera akale a ku Holland, ndipo wina anafuna kuti bolodi tilipake mtundu wa olenji, womwe umaimira dziko la Netherlands. Mayi wa ku Gent anati iye si wa ku Holland. Bambo wa ku Curaçao analankhula modekha koma mosapsatira: chilankhulo cha mayi awo ndi Chipapiamentu, Chidatchi anachipeza kusukulu, ndipo chinafika pachilumba chawo pamodzi ndi zombo za akapolo. Anatchula Tula, amene anatsogolera akapolo kuukira mu 1795. Tante anawonjezera kuti ukapolo unathetsedwa pa 1 Julaye 1863, koma ku Suriname anthu anawakakamiza kugwirabe ntchito m'minda zaka zina 10, ndipo mfumu ya Netherlands Willem-Alexander inapepesa mu 2023. Palibe anakweza mawu. Mayi woyendetsa gulu anafufuta mutu uja n'kulemba Sjoelavond, madzulo a sjoelen basi. Bolodi linatsala ndi mtundu wa mtengo, lopanda mbendera.

Tsiku nalo linavuta. Pa 25 Novembala tante amakhala ku chikondwerero cha ufulu wa Suriname, womwe unabwera mu 1975. Pa 5 Disembala mabanja a kuno amakhala m'nyumba kupatsana mphatso za Sinterklaas, ku Belgium ana amalandira zawo m'mawa wa pa 6. Tinagwirizana za 28 Novembala.

16 Novembala: tebulo ndi ufa wa mbatatesi

Matebulo a mu buurthuis ndi aafupi, ndiye tinalumikiza awiri, koma limodzi linali lalitali pang'ono. Tinamata timiyendo ta labala kunsi kwa bolodi, €4, ndipo levulo tsopano imakhala m'thumba limodzi ndi timawilo. Kuyeza ndi kwa nthawi iliyonse musanayambe, osati kamodzi kokha.

Agogo a ku Java anabweretsa nzeru ya makolo: kuwaza ufa wosalala wa mbatatesi, umene amagulitsa wothira mu supu, €2. Umathandizadi, koma kakang'ono chabe, kotsina ndi zala. Mnyamata wina anathira ngati akukonkha feteleza, timawilo tinayamba kuuluka n'kugwera pansi, tinachita kupukuta bolodi lonse.

28 Novembala: tsiku lake

Anthu anadzaza chipinda. Tante anabwera ndi pom, chakudya cha kwawo cha nkhuku chophikidwa mu uvuni. Bambo wa ku Curaçao anabweretsa pastechi, oom melktert, agogo a ku Java spekkoek ya mizeremizere, mayi wa ku Gent mawafo. Ine ndinakazinga mandasi.

Tinaika lamulo limodzi lowonjezera: mapointi amawerenga ndi wophunzira, mokweza, m'Chidatchi, ndipo akaphonya nambala wosewera amataya mapointi 5. Apa ndiye munamveka phokoso. Mnyamata wa ku Eritrea uja ankawerengera tante, anafika pa 87 n'kuima, tante akumuyang'ana m'maso manja ali m'chiuno. "Mwanawe, ukanena 78 udziwa ine." Anapuma, anati zevenentachtig, chipinda chonse chinaomba m'manja. Mayi wa ku Poland amene miyezi yonseyi sitinkamudziwa mawu ake anakangana ndi oom za kawilo komwe kanaima pakamwa pa chipata, ndipo anawina mkanganowo m'Chidatchi chothyokathyoka: kawilo kamawerengedwa pokhapokha kakadutsa konse mzere wa kutsogolo kwa mtanda. Zinandikumbutsa bawo la pansi pa mtengo, pomwe oonerera amalongolola kuposa osewera.

Chovuta cha tsikuli chinali mafuta. Anthu ankadya mandasi ndi pastechi n'kugwira timawilo, ndipo patapita ola limodzi bolodi linayamba kumata, ufa uja utasanduka phala. Tinaimitsa masewera, tinapukuta timawilo tonse ndi nsalu youma, chakudya tinachisamutsira kuchipinda china. Musatsuke timawilo ndi madzi, timafufuma. Amene anapambana ndi agogo a ku Java ndi mapointi 112, akusewera chikhalire.

7 Disembala: ndalama zonse ndi zotsala

Zonse pamodzi zakwana €195, ndipo €30 mwa zimenezi inapita pa vanishi wolakwika ndi mtanda wachiwiri. Kunena zoona, ngati mukungofuna bolodi loti muzisewera kunyumba ndi ana, gulani lakale labwino, mupite ndi levulo yanu. Kukhoma nokha sikupulumutsa ndalama. Ife tinapindula chifukwa Loweruka lililonse ophunzira ankakakamizika kupempha sikuluu, kutsutsa muyezo ndi kudandaula m'Chidatchi, palibe amene anawapatsa khadi.

Zomwe zatsala: chipata cha 1 chayamba kukhula timawilo tiwiri tochindikala, ndiye ndimasula mtanda ndikachidutsenso ndi tupa. Manambala tinalemba ndi cholembera ndipo 3 wayamba kufufutika, oom alonjeza kuwawotcha ndi chitsulo chamoto. Bolodi tsopano limagona chogona pamwamba pa kabati m'chipinda chosatenthetsedwa, ndipo tamatapo pepala loletsa kulitsamiritsa pa radiator. Plywood yotsala ija mayi wa ku Gent waipempha kuti tikhomere gulu la ana la Lachitatu bolodi lalifupi, ndipo miyezo yake akuti alemba yekha mnyamata wa ku Eritrea. Tiyamba mu Januwale.